Ndikufuna kumupindira Vainess wanga milomo ya zipolopolo

Aphungu,

Ndiyambe ndi kunena kuti ine sukulu ndinalekezera Sitandade 3. Kalatayi ndikuyankhula ndine, koma akulemba ndi a Flywell, mnzanga wa ku tchalitchi kuno ku Glasgow. Ndawauza kuti asakometse kanthu, ndipo akamaliza andiwerengere mawu onse ndimve ngati sanathiremo zawo. Akuseka kale. Ndawauza kuti aziseka uku akulemba.

Ine ndine mmisiri wa malata. Moyo wanga wonse ndakhoma ndowa, mbaula, makheni ndi makoloboyi pa msika wa Ndirande. Ndowa yanga sinkadontha. Mukapita lero kukafunsa za ndowa za a Tadeyo, amayi akale akuwonetsani zomwe akutungirabe madzi.

Kuno ndabwera kudzacheza kwa mwana wanga Vainess ku Maryhill, m'fulati yoyang'ana ngalande ya madzi. Vainess ndi injiniya wa mapaipi a madzi. Ndipo nkhani yaikulu ndi iyi, a Flywell lembani bwinobwino: mwana wanga wasankhidwa! Wasankhidwa kulowa timu ya kilabu yawo ya masewero owombera mfuti, ndipo mwezi wamawa akapikisana ndi makilabu ena a muno mu Scotland. Mwana wa wokhoma ndowa! Ndikayenda mumsewu ndimapeza ndikumwetulira anthu osawadziwa. Dzana ndinapatsa moni galu wa mwini.

Poyamba ndinachita mantha, sindibisa. Nditawona kabati yachitsulo yosungiramo mfuti yokhomedwa kukhoma ndinamufunsa kuti, "Vainess, kodi walowa usilikali osandiuza?" Iye anaseka nati, "Ababa, ndi masewero chabe. Anzanga amapita ku gofu, ine ndimaboola mapepala." Anandiwonetsa chilolezo chake cha kupolisi, nandiuza kuti apolisiwo anabwera okha kudzagwedeza kabatiyo kuti awone ngati yalimba. Akuti mfuti zazifupi za m'manja kuno n'zoletsedwa, ndiye iye ali ndi yaitali, yokhala ndi chogwirira kunsi, koma imadya zipolopolo za pisitolo. Zipolopolozo zimandandalikana mu kapaipi kunsi kwa mfuti, china kumbuyo kwa chinzake, ngati anthu pa mzere wa kuchigayo.

Chomwe chinandigwetsa mtima m'malo n'chakuti zipolopolozo amadzipangira yekha. Ali ndi kachipinda komwe anamangirira makina pa tebulo. Chipolopolo chikawombedwa chimasiya kachitini kamkuwa, ine ndimati kandowa. Tindowa timeneti amatitsuka, n'kutisunga m'chidebe. Akafuna kudzaza, amasintha koyatsira moto kumunsi, amayeza wonga pa sikelo ngati mankhwala a mwana wakhanda, amakhazika mutu wa mtovu pamwamba. Ndiyeno chomaliza, Aphungu, chomaliza! Makina aja amapinda mlomo wa kandowa kuti ugwire mutu uja. Pa Chizungu akuti kirimpu. Nditawona ndinadumpha pa mpando. Ndinati, "Iwe mwana, uku ndi kupinda mlomo! Imeneyi ndi ntchito yanga! Wayenda ulendo wonsewu, ndege ziwiri, kudzachita ntchito ya pa Ndirande?" Iye anati, "Magazi, Ababa, magazi." Tinaseka mpaka a fulati yapansi anagogoda denga.

Tsiku lina kilabu inalola alendo, ndipo ananditenga. Mphunzitsi wawo ndi a McDonald, mkulu wa ndevu zoyera, msinkhu wanga ndithu. Chizungu chawo chimatuluka ngati akutafuna chimanga chokazinga, sindimvako ngakhale limodzi, koma timagwirizana kwabasi. Anandiveka zotseka m'makutu, nandikhazika kumbuyo kwa mzere wofiira. Vainess anaima, anakweza mfuti paphewa. Pha! Pha! Pha! Pepala litabwera, mabowo onse anali pakati, oti n'kuwaphimba ndi chivindikiro cha botolo. Ine ndinaponya chipewa m'mwamba n'kuyamba kuimba likhweru. A McDonald anayankhula mawu ataliatali. Ndinafunsa kuti, "Akundiyamikira?" Vainess anati, "Akuti mukhale pansi, Ababa."

Atamaliza onse, mfuti zitalowa m'zikwama, ndinawona chinthu chomwe chinandipweteka mtima. Pansi ponse panali mbwee tindowa tija, ndipo munthu wina ankatisesa ngati zinyalala. Mkuwa, Aphungu! Ife pa Ndirande kachidutswa ka lata kakagwa pansi timakatola, mawa kakhala khutu la ndowa. Vainess anali atapita kukasamba m'manja. Ndinawalozera a McDonald tindowato, n'kuloza thumba langa. Anagwedeza mutu akuseka, ndikuganiza ankayesa ndikufuna kachikumbutso. Ine ndinasankha tofanana ndi ta Vainess, ndinadzaza matumba onse a jekete, mpaka chipewa.

Kunyumba, iye ali kuntchito, ndinatitsuka ndi mandimu, ndinatiyanika pa hita yotenthetsa m'nyumba, ndinatipukuta kamodzikamodzi mpaka tinawala kuposa take. Kenako ndinatikhuthulira m'chidebe chake chija n'kuvundula ndi dzanja. Sindinamuuze. Mphatso yabwino ndi yosalengeza. Tsiku lina ndinamumva akudziyankhulira kuti, "Chidebe ichi bwanji sichikutha?" Ine ndinathawira kubafa kukasekera m'thawulo.

Tsopano vuto ndi ili. Masiku ano kupinda kwake kwasokonekera. Zipolopolo zina mlomo sukugwira, moti zikapanikizana mu kapaipi kaja mutu ukumira m'kati. Zina mlomo ukukwinyika ngati nsapato yonyowa, ndipo zikukana kulowa mu mfuti. Akamanga makina kuti afinye kwambiri, zina zikuphwanyika. Akamasula, zina zikukhala lendelende. Sabata yatha mfuti inamukanira kawiri pa zokonzekera. A McDonald amuuza mosabisa kuti akapanda kukonza, malo ake mu timu apatsa mtsikana wina dzina lake Sylvia. Sylvia ndi mwana wabwino, anandipatsa tiyi, koma si mwana wanga.

Vainess sakudya bwino. Anandiuza kuti, "Sindikumvetsa, Ababa. Tindowa tanga tonse ndinagula pamodzi, ndinatidula ndekha kuti tilingane msinkhu. Makina ndi omwewo. Chasintha n'chiyani?" Ine ndinati, "Chasintha palibe, makina alibe maso. Ndipatse ine ndikupindire." Iye anandigwira dzanja nati, "Ababa, ndimakukondani, koma pa tebulo ili musakhudze kanthu."

Koma ine ndaganiza kale, ndipo ndikaganiza ndimalephera kukhala pansi. Pobwera kuno ndinatenga kahamala kanga kakang'ono kopindira makoloboyi, kamene sindisiyana nako. Loweruka ndinapita ku msika wa Barras ndinagula pulayala yabwino. Ndayeserera pa zitini za tomato, dzanja likadalipo ndithu. Zipolopolo zodzaza kale amazitsekera m'bokosi lachitsulo, koma kiyi ndikudziwa pomwe amabisa, ndinamuwonera pa galasi la m'khonde. Sinditchula malowo mu nyuzipepala, ndine munthu wamkulu, ndangowanong'oneza a Flywell okha. Tsiku lina akapita kuntchito nditsegula, ndizigogoda chimodzichimodzi milomo igwire nganganga monga tsinde la ndowa, ndibwezeretse. Akapambana ndiye ndidzaimirire ndinene kuti, "Mwanangu, amene uja ndinali ine."

Suti ndachapitsa kale. Ku tchalitchi ndinalengeza pa nthawi ya zothokoza, ndipo amayi a Mvano akuti adzaphika mandasi.

A Flywell ndi amene andigwira mwendo kuti ndifunse kaye. Ndiye ndithandizeni, Aphungu: mlomo wa chipolopolo umafunika kupinda mozama bwanji? Chabwino n'chiti, hamala kapena pulayala? Ndipo ndimuuze asanapite ku mpikisano kapena atabwerako ndi chikho?

Ine bambo wa katswiri,

T. M., Glasgow

*

Bambo T.,

Choyamba, ikani hamala pansi. Pulayala nayonso. A Flywell, ngati mukuwawerengera yankho ili, tengani zonse ziwiri mupite nazo kwanu.

Chachiwiri, zikomo. Pa tsamba lino ndazolowera misozi ya maukwati ndi nkhondo za apongozi, koma kalata yanu yandisekesa mpaka anzanga mu ofesi abwera kudzasuzumira. Kunyada kwanu n'koyenera. Mwalera mwana wa dzanja lokhazikika ndi mutu wodekha, ndipo zoti anatengera inu sindikutsutsa.

Ine za zipolopolo sindidziwa, ndiye ndinaimbira foni mkulu wina amene waphunzitsa masewerowa zaka zambiri kumeneko, n'kumuwerengera kalata yanu. Nditafika pa hamala anandidula mawu, natchula matumba a jekete aja nati, "Basi, musapitirize, wodwala tamupeza."

Bambo, amene wasokoneza kupinda kwa Vainess si makina. Ndi mphatso yanu ija.

Musakhumudwe, mvetserani. Inu mukamapinda ndowa, maso amawona, dzanja limamva, ndipo lata likatalika pang'ono mumadziwa pochepetsa. Makina a Vainess amatsika kufika pamalo amodzi nthawi zonse. N'chifukwa chake iye anadula tindowa take tonse msinkhu umodzi. Tomwe munatola pansi tinachokera kwa anthu osiyanasiyana, m'mafakitale osiyanasiyana, tina tawombedwa kambirimbiri. Kusiyana kwake n'kochepa ngati tsitsi, koma makina amakumva. Kandowa kakafupika, mlomo sufika popindira, mutu umakhala lendelende. Kakatalika, makina amakapondereza mpaka kukwinyika. Ndiye mwana wanu akumanga, akumasula, akusowa tulo, pomwe vuto lili m'chidebe. Ndipo inu munatipukuta bwino kwambiri moti sanaganize n'komwe zoyang'ana.

Mwafunsa kuti mlomo umapindidwa mozama bwanji. Apa ndi pomwe ndowa ndi chipolopolo zimasiyana. Ndowa imapindidwa kuti isatseguke mpaka kalekale. Chipolopolo chimapindidwa kuti chigwire mutu pamene chikukankhana ndi zinzake mu kapaipi, koma chiwusiye bwinobwino moto ukayaka. Mutu wa mtovu uli ndi kamzere kozungulira, ndipo mlomo umangoweramira m'kamzere kameneko, basi. Kupinda kukachepa, mutu umamira, wonga umapanikizika m'malo ochepa, ndipo mphamvu yake imakwera kuposa muyezo. Kukachuluka, kandowa kamatupa kapena kung'aluka, mutu umaphwanyika, chipolopolo chimapita komwe chafuna. Nganganga wanuyo ndi woopsa chimodzimodzi ndi lendelende, ndipo mfutiyo imakhala pa tsaya la mwana wanu.

Za kugogoda chipolopolo chodzaza ndi hamala sindichulutsa mawu. Kumunsi kwake kuli koyatsira moto komwe ntchito yake ndi kudikira kugogodedwa. Zala zomwe zinakhoma ndowa za Ndirande yonse musazitayire pa tebulo la kukhitchini ku Maryhill.

Tsono chochita ndi ichi. Muwuzeni Vainess lero, asanadzazenso china chilichonse. Muyambe ndi chidebe. Nenani monga mwandiwuzira ine, za mandimu ndi hita zomwe. Akhoza kufuula. Akhoza kukhala pansi n'kugwira mutu. Ndikuganiza kuti pamapeto pake aseka, chifukwa munthu amene wakhala akudzikayikira yekha akamva kuti dzanja lake silinalakwe, mtima umatsika. Koma ngakhale akwiye, mulekeni akwiye, ndi ufulu wake.

Zipolopolo zonse zomwe wadzaza chiyambire tsiku la mphatso yanu aziike padera, asaziwombe. Iye ndi a McDonald akudziwa mmene amazimasulira. Chidebe chikhuthulidwe pa tebulo, tindowa take tisiyanitsidwe ndi tachilendo. Kumunsi kwa kandowa kalikonse kuli chizindikiro cha fakitale, ndipo chizindikiro sichifuna sukulu, chimafuna maso. Totsalato ayeze kamodzikamodzi, kong'aluka mlomo ataye. Akatero akonzenso makina ake kuyambira pachiyambi, motsatira buku lake la miyezo, akutsitsa pang'onopang'ono. Mkulu wa pa foni uja akuti ayambe wapanga zoyeserera zopanda wonga ndi koyatsira moto, aziyeze, akaziyendetse mu mfuti ku kilabu, aziyezenso awone ngati mutu wasuntha. Nthawi ikadalipo. Mwezi ndi wokwana kuti a McDonald awone mfuti ikuyenda osakana.

Ndipo ntchito yanu ilipo, ngati iye avomera. Tindowa topanda kanthu si mlandu kutigwira. Mupempheni kuti kusankha kuja muchitire limodzi, iye ali pompo. Chala chomwe chimamva lata long'aluka maso asanaliwone chikhoza kumva mlomo wa mkuwa wotopa. Koma mupemphe, Bambo, osati kumudzidzimutsa. Pa tebulo limenelo mmisiri wamkulu ndi iyeyo, inu ndinu wophunzira. Kumbukirani mmene munkachitira ndi munthu wogwira zida zanu pa Ndirande inu mutapita kokodza.

Ndatsiriza ndi chomwe inu mwachitchula modutsa, koma ine chandiwumitsa pakamwa: kiyi. Chilolezo cha Vainess chimayenda ndi lonjezo lakuti mfuti ndi zipolopolo zake palibe wina angazifikire, ngakhale bambo ake omubereka. Apolisi omwe anagwedeza kabati aja akamva kuti mlendo wa m'nyumba amadziwa pobisa kiyi, ndipo anatsegula bokosi, akhoza kumulanda chilolezo ndi mfuti yomwe, inunso n'kukhala ndi mlandu wanu. Pamenepo sipakhala za timu kapena za Sylvia. Masewero onse atha. Choncho mukamaliza za chidebe, musadzuke pa mpando. Muwuzeninso za galasi la m'khonde, ndiponso kuti a Flywell munawanong'oneza, kuti asinthe malo tsiku lomwelo. Ku tchalitchi nako, zothokoza zipitirire, koma muzinena kuti mwana akuchita bwino pa masewero. Zoti m'fulati muli kabati yachitsulo sizolengeza kutsogolo kwa mpingo.

Suti valani, mandasi anyamuleni, chipewa muponye a McDonald akanena kuti mfuti zonse zatsitsidwa. Koma jekete ya tsiku limenelo, a Flywell, muyisoke matumba.

Aphungu